ZA NCHITO NDI UMOYO: Pakamwa pa Marola

Zokolola zikalowa m'nkhokwe ndipo thonje likagulitsidwa, mabasi a mu mseu wa Great East amadzala ndi anyamata ndi atsikana a ku Lundazi, Chadiza, Katete ndi Petauke, opita kukafuna nchito ku Lusaka, ku Kafue ndi ku Migodi. Ena amapeza ya ulonda, ena ya m'masitolo, ndipo alipo amene amakathera m'mafakitale, kumene amaikidwa kuima pafupi ndi makina amene makolo ao kumudzi sanawaonepo ndi kale lonse. Mafoni ocokera kumeneko amasimba za malipiro, za lendi ya nyumba ndi za kukwera mtengo kwa ndiwo, koma za makinawo sachulako. Kawiri-kawiri banja limadzamva za iwo tsiku limene mwana wafika pakhomo mkono uli m'bandeji, mwina zala zosakwanira.

Makina amene danga lino liri kukamba sabata ino ndi aja ochedwa marola. Dzinali si lacilendo m'makutu a munthu wa m'Zambia, pakuti ufa wa rola umene umagulidwa m'matumba unatenga dzina lake ku makina omwewa. Rola ndi citsulo cobulungira ndi cacitali, conga munsi wogonekedwa pansi, kungoti cina cimakula ngati thunthu la mlombwa ndi kulemera kuposa ng'ombe zingapo. Amagoneka marola awiri moyandikana, nasiya kampata pakati pao, ndipo amazungulira moyang'anana, kotero kuti ciri conse cogwera pakatipo cimakokedwa, kupsinjidwa ndi kutulukira mbali ina. Cimanga cimasanduka ufa mwa njira imeneyi. Nzimbe za ku Nakambala, ku Mazabuka, zimafinyidwa madzi comweco. Zitsulo zomangira nyumba zopangidwa ku Kafue, waya wa mkuwa wa ku Luanshya, malata a pa denga, citenje ca mai wa pakhomo, ngakhale pepala la nyuzi, zonsezi zimadutsa pakati pa marola zisanafike m'manja mwa wogula. Malowa achulidwa cifukwa ca zimene amapanga, osati poti pali mlandu pa iwo ai. Dziko silingacite popanda makinawa, ndipo wina ayenera kuwayendetsa.

Pamene marola awiri akumanirana ndipo pakamwa pa makina. Pakamwapo pali mbali ziwiri, mbali yomeza ndi mbali yolavula. Ku mbali yolavula citsulo cimakankhira kunja cimene cacikhudza. Ku mbali yomeza nsonga ya cala ikangogwidwa, cikhatho cimatsatira, ndipo mkono umatsatira cikhatho. Munthu amene sanaonepo zimenezi amadzinamiza kuti iye angasolole dzanja msanga, monga amacitira akakhudza mphika wamoto. Komatu mphika sugwira munthu. Rola woyenda mofatsa, wokoka nsalu yotalika mamita 30 pa mphindi imodzi, amakoka theka la mita pa sekondi imodzi, ndipo theka la mita ndi utali wocokera ku nsonga za zala kukafika pa cigongono ca munthu wamkulu. Sekondi imodzi imatha munthu asanatsirize kufuula kuti "Mayo ine!" Marola a m'mafakitale a mapepala ndi a zitsulo amathamanga kuposa pamenepa kangapo konse.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimakulitsa ngoziyi. Coyamba ncakuti munthu wogwidwa dzanja limodzi, mwa cibadwa cake, amatsamiritsa dzanja linalo pa makina kuti adzikoke, ndipo nalonso limamezedwa. Apo ndiye kuti watsala wopanda cogwirira swichi. Ncifukwa cake makina opangidwa bwino amakhala ndi cingwe kapena mtanda woimitsira umene munthu angaukankhe ndi bondo, cifuwa kapena mutu. Cina ncakuti rola wolemera saima nthawi yomweyo magetsi akazimitsidwa. Amapitirira kuzungulira ndi kulemera kwake, monga ngolo yodzaza cimanga imapitirira kutsetsereka ng'ombe zitaima kale, pokhapokha ngati makinawo ali ndi mabuleki. Injini imene inapangidwa kuti iphwanye nzimbe kapena kupyapyalitsa citsulo siimva nkomwe kuti mwalowa fupa la munthu, ndipo liwu lake silisintha.

Tsono munthu wanzeru zake amapisiranji dzanja pamalo oterowo? Yankho lofulumira, limene limakondweretsa eni makina, ndi lakuti anali wosasamala. Koma amene amafufuza ngozi zotere amapeza kuti nthawi zambiri munthuyo anali pa nchito imene anatumidwa. Anali kupukuta rola ndi kansanza makina akali kuyenda, kansanzako nkugwidwa, ndipo iye m'malo motaya nkulimbikira kukoka. Anali kuongola nsalu kapena pepala limene linapindika polowa. Anali kucotsa zinyalala zimene zinatsekereza. Anali kupala dothi ndi fosholo kunsi kwa lamba wonyamula katundu, pamalo pamene lambayo amazungulira gudumu lake, amenenso ndi pakamwa pomeza. M'zigayo zikulu-zikulu mmisiri amatsegula kacitseko kuti akhudze ufa ndi zala, aone ngati wasalala, ndipo akapisa pamwamba pa marola m'malo mwa kunsi kwake, zala zapita.

Zonsezi zingacitike makina ataima. Koma kuimitsa makina kumadya nthawi, ndipo kumene anthu amalipidwa molingana ndi matumba kapena mamita amene atulutsa, wozimitsa makina amadana ndi anzake ndi kapitao yemwe. Motero mlendo amaphunzira kwa akale kupukuta makina akuyenda. Amacita tsiku loyamba mtima uli m'mwamba, napulumuka. Amacitanso mawa lake, ndi mwezi wonse, mpaka mantha aja atatha. Zochinga zimene zinabwera ndi makina, zija za waya kapena za malata zophimba pakamwa, zimamasulidwa tsiku lokonza makina, ndipo popeza kuzibwezera kufuna masikuluu asanu ndi atatu, zimatsamiritsidwa ku khoma kufikira zitacita dzimbiri. Akulu anati tsoka silinunkha, ndipo pa njoka ya m'chire ananena zoona. Koma m'fakitale momwe cochinga cakhala miyezi ku khoma, tsoka lakhala likununkha miyezi yonseyo, ndipo aliyense wodutsa, kuyambira wosesa kufikira mwini wake, analimva fungo lake.

Pa zobvala pali msampha umene umakola ngakhale ocenjera. Magolovesi amachinjiriza manja ku zitsulo zakuthwa ndi ku mankhwala, ndipo wanchito watsopano akapatsidwa amanyadira. Koma pafupi ndi marola golovesi ndi mdani, pakuti nsonga yake imapitirira cala, imagwidwa mwini wake asanamve, ndipo dzanja silingavuuke m'menemo pamene yakokedwa. Comweconso mkono wa malaya wolendewera, ovolosi yosamanga mabatani, citenje, mpango wa duku, tsitsi lalitali lolukidwa, mphete ndi wochi ya pamkono. Tsitsi likagwidwa limacoka pamodzi ndi khungu la kumutu. Mai amene mwana wake wamkazi ali kupita ku fakitale angacite bwino kumuuza zimenezi pamodzi ndi malangizo ena aja amene amaperekedwa usiku wa ulendo.

Nthawi ya usiku nayo iri ndi mlandu wake. Munthu amene waima maola khumi ndi awiri, mwina atadya kabanzi kokha, maso ake amaona koma mutu uli mtulo. Ndipo m'zaka zaposacedwapa panaonjezeka vuto lina. M'caka ca 2024, cirala citaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi anali kuzima mbali yaikulu ya tsiku m'madera ambiri, nabwera nthawi imene palibe anayembekeza. Magetsi akazima, anchito amapezerapo mpata wopukuta ndi kukonza makina. Makina olumikizidwa bwino sadzilizanso okha magetsi akabwera, amayembekeza kuti munthu atobwanye batani. Koma amene analumikizidwa mwacidule, ndi swichi wamba yosiyidwa yotsegula, amadzuka okha, manja a anthu ali m'kati. Mankhwala a vutoli ndi ochipa zedi. Munthu wolowetsa dzanja m'makina amazimitsa swichi yaikulu, naikhoma ndi loko wake, kiyi nkuika m'thumba lake. Akakhala atatu, maloko akhale atatu. Cikwangwani colembedwa kuti "Musayatse" cingagwe ndi mphepo, ndiponso si onse amawerenga, koma loko sayatsika.

Ngozi ya marola ndi yakale kwambiri. M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, m'minda ya nzimbe ya ku Brazil ndi ya m'zisumbu za Caribbean, akapolo otengedwa ku Africa anali kulowetsa nzimbe ndi manja pakati pa marola atatu oimirira, ozunguzidwa ndi ng'ombe, madzi kapena mphepo. M'nyengo yodula nzimbe nchito inali ya usana ndi usiku, ndipo ambiri a iwo, maka-maka akazi, anagwidwa manja ali kuodzera. Olemba mbiri a nthawiyo anasimba kuti pafupi ndi makinawo pankakhala cikwanje kapena nkhwangwa, cosungidwira kudula mkono wa munthu wogwidwa kuti thupi lonse lisamezedwe. Eni minda anaona kuti cikwanje ncochipa kuposa kupumitsa anthu. Ku Britain, kumene mafakitale a nsalu anapundula ana osawerengeka, nyumba ya malamulo inalamula m'caka ca 1844 kuti mbali zina zoopsa za makina zizichingidwa, ndi kuti ana ndi acinyamata asapukute magudumu oyendetsa makina pamene ali kuzungulira. M'caka ca 1963 bungwe la anchito la dziko lonse, la ILO, linagwirizana ku Geneva za pangano loletsa kugulitsa, kubwereketsa kapena kugwiritsa nchito makina amene mbali zake zoopsa nzosachingidwa.

Kuno ku Zambia lamulo la mafakitale la m'caka ca 1966 linanena momveka kuti mbali iri yonse yoopsa ya makina iyenera kuchingidwa molimba, ndi kuti munthu wosazolowera asaikidwe pa makina oopsa asanaphunzitsidwe kapena popanda womuyang'anira. Linaikanso oyendera mafakitale okhala ndi mphamvu yolowa ndi kuona okha. M'caka ca 2010 panabwera lamulo la umoyo ndi citetezo pa nchito, limene linalamula kuti pamalo pali ponse pamene pali anchito khumi kapena kuposerapo pakhale komiti yoona za citetezo, ya anthu a mbali zonse ziwiri, olemba nchito ndi olembedwa. M'caka ca 2015 Boma linaletsa mcitidwe wolemba munthu monga waganyu pa nchito imene iri yokhalitsa. Malamulo alipo, ndipo ndi omveka. Cimene cimasowa kawiri-kawiri ndi munthu wolimba mtima kufunsa, pakuti pa cipata ca fakitale pamaima anyamata ena makumi-makumi oyembekeza malo omwewo. Koma safunsa anadya phula. Mnyamata amene pa tsiku loyamba afunsa kuti, "Bwana, coimitsira makinawa ciri pati, ndipo ndingaciyese?" sanacite mwano, ndipo kapitao amene akwiya ndi funso lotere wadziulula yekha.

Cironda ca marola ciri ndi cikhalidwe cake cimene mabanja ayenera kucidziwa, cifukwa cimanamiza. Nthawi zina zoopsa zimaonekera poyera. Mafupa amaphwanyika, zala zimaduka, kapena khungu limasupuka lonse kuyambira pa mkono kutsikira ku zala monga munthu avula sokosi. Marola ena, monga osita nsalu ndi okanda mphira ndi pulasitiki, amatenthedwa kuposa madzi owira, kotero kuti dzanja limapsinjidwa ndi kupsa nthawi imodzi, ndipo kupsako kumalowa mpaka pa mitsempha. Zironda zotere palibe amene amazengereza nazo, onse amathamangira ku cipatala.

Coopsa mwakabisira ndi cija cimene khungu silinang'ambike. Mkono umatuluka m'makina wathunthu, wongofiira kapena wokalika pang'ono, zala zikugwedezeka. Mwini wake amathokoza Mulungu, kapitao nkumpatsa mapilisi awiri ndi kumuuza kuti akapumule. Komatu m'kati minofu yatibulidwa, ndipo khungu mwina lalekana ndi mnofu wa pansi pake, mitsempha yake yamagazi itaduka. Madotolo anacizindikira kale cimeneci. M'caka ca 1938 dotolo wa ku Boston, ku America, dzina lake D. W. MacCollum, analemba za ana amene mikono yao inagwidwa m'marola ofinyira zobvala zocapidwa, naonetsa kuti kuonongeka kweni-kweni kumadzaoneka patapita nthawi. Minofu ya mkono imakhala m'timatumba ta nembanemba yolimba imene siitanuka. Mnofu wotibulidwa ukayamba kutupa umasowa kolowera, ndipo umapana mitsempha mpaka magazi kuleka kuyenda. Pakapita maola ngati asanu ndi limodzi zinthu ziri comweco, mnofuwo umayamba kufa, ndipo mnofu wakufa subwerera. Dzanja limauma, zala nkupindikira m'kati ngati phazi la kabawi, ndipo silidzagwiranso mpini wa khasu.

Zizindikiro zake ndi ululu wopitirira kukula kwa bala, umene sumva mapilisi ndipo ungokulira-kulira, mkono wotupa ndi wolimba ngati mtengo, ululu wobaya pamene wina aongola zala za wodwalayo, ndi dzanzi. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, ndiye kuti zoipa zocokera m'minofu yoonongeka zafika ku impso. Mankhwala ake ndi opaleshoni yong'amba nembanemba ija kuti mnofu upume, ndipo imathandiza ikacitika msanga. Cotero munthu aliyense amene mkono wake wadutsa m'marola ayenera kukaonedwa ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale palibe dontho la magazi, ndipo ayenera kuuza madotolo momveka kuti anagwidwa ndi marola, ndi nthawi imene anagwidwira. Zipatala zikulu monga University Teaching Hospital ku Lusaka, Ndola Teaching Hospital, Chipata Central Hospital ndi St Francis ku Katete ziri ndi madotolo a opaleshoni. Kukwera basi usiku womwewo kuti akadwalire kumudzi kwa amai ake ndiko kumene kwapundula ena amene akanacira.

Pa nthawi ya ngozi yeni-yeniyo, coyamba ndi kuimitsa makina ndi kukhoma swichi. Anzake asamkoke munthuyo, cifukwa kukoka ndiko kumasupula khungu. Kubweza makina cam'mbuyo nakonso si nzeru yothamangira, popeza mkono umapsinjidwa kaciwiri potuluka. Njira yabwino ndi kumasula marola kuti mpata ukule, ndipo fakitale iri yonse iyenera kukhala ndi anthu pa shifiti iri yonse odziwa kumasula kwake, ndi zipangizo ziri pafupi, osati zokhomeredwa mu ofesi ya munthu amene wapita kunyumba. Munthuyo akatuluka, bala lipsinjidwe ndi nsalu yoyera, mkono ukwezedwe, mphete ndi zibangiri zivulidwe usanatupe. Kumanga mkono mothina pamwamba pa bala kumangocitika ngati magazi ali kutumphuka osaleka ngakhale apsinja, ndipo amamanga ndi nsalu yotambalala, osati waya kapena cingwe, nalemba nthawi imene amangira. Pa bala pasathiridwe mafuta a injini, phulusa, dothi kapena masamba otafuna, cifukwa zotere zimalowetsa kafumbata ndi kuoletsa cironda. Wovulalayo asapatsidwe cakudya kapena cakumwa, popeza mwina adzagonekedwa tulo ta opaleshoni. Cala coduka cisatayidwe. Cikulungidwe m'kansalu koyera konyowa pang'ono, ciikidwe m'pulasitiki yomanga bwino, ndipo pulasitikiyo iikidwe m'madzi ozizira okhala ndi madzi oundana, koma calaco cisakhudzane ndi madzi oundanawo. Si nthawi zonse madotolo angathe kucilumikiza, koma oweruza akhale iwo.

Tsopano nkhani ya cipukuta-misozi, imene mabanja a kumudzi amatayapo zambiri cifukwa ca kusadziwa. Lamulo la m'caka ca 1999 linaphatikiza mabungwe awiri akale kukhala bungwe limodzi, la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lake liri ku Ndola, ndipo liri ndi maofesi m'matauni ena, kuphatikizapo Chipata. Ndalama za m'thumba limeneli amasonkha ndi olemba nchito, ndipo siziyenera kudulidwa pa malipiro a wanchito. Munthu akavulala pa nchito, wolemba nchito ndiye ayenera kudziwitsa bungweli m'masiku atatu atamva za ngoziyo. Bungwe limathandiza pa zolipira za ku cipatala, limapereka ndalama pa nthawi imene munthu sangathe kugwira nchito, ndipo madotolo akayesa kukula kwa cirema, limapereka ndalama kamodzi ngati ncacing'ono, kapena penshoni ya mwezi ndi mwezi ngati ncacikulu. Limathandizanso pa ziwalo zocita kupanga. Munthu akamwalira, mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ali ndi gawo lao. Cipukuta-misozi cimeneci sicidalira pa kupeza wolakwa, ndipo munthu amene anaterereka kapena kuiwala sanataye ufulu wake cifukwa ca ico. Cimene lamulo limaciyang'ana mwapadera ndi kuswa malamulo a pa nchito mwadala, monga kubwera pa makina ataledzera.

Koma zimacitika kuti wovulala akali m'cipatala, munthu wocokera ku kampani amafika ndi envulopu ndi mau okoma. Amalipira basi ya kumudzi, naonjezapo ndalama imene kwa munthu wosauka imaoneka yambiri, napempha kuti asaine kapepala ndi dzanja lotsalalo. Wolemba nchito wotere mwina sanalembetse ku bungwe, kapena safuna kuti oyendera mafakitale abwere kudzaona cochinga cija ciri ku khoma. Ndalamayo imatha mvula isanagwe, pamene dzanja lapita kwa moyo wonse. Mnyamata wa zaka 22 amene wataya dzanja lamanja ali ndi zaka makumi anai za kulima ndi kulera ana patsogolo pake, ndipo envulopu imodzi siingalime zaka zimenezo. Acibale amene apita kukazonda wodwala asalole kuti asaine pepala limene sanaliwerenge ndi kulimvetsa. Asunge makadi onse a ku cipatala, mapepala a malipiro, kadi la pa nchito ngati liripo, ndi maina a anzake amene anaona ngozi. Ngati kampani ikuzengereza, wovulalayo kapena mbale wake angathe kupita yekha ku ofesi ya bungweli kapena ku ofesi ya Leba, atatenga reji, ndipo asacedwe, popeza nkhani zotere ziri ndi nthawi yake. Mau akuti "unali wa pisiweki cabe" asawabweze pa njira. Kulipidwa pa tsiku sikumcotsa munthu m'lamulo, malinga ngati anali kugwira nchito ya kampaniyo.

Pali cinthu cinanso cimene cimadya nthawi ndi cuma ca mabanja. Mwana akabwera wopunduka, mitima imawawa, ndipo posakhalitsa pamamveka manong'onong'o akuti amalume ake kapena mai wina wa pa mudzi anamcitira nsanje poona kuti wayamba kutumiza ndalama. Mbuzi imagulitsidwa kuti akaombeze, abale nkudana mpaka kusamuka. M'miyezi imene banja liri kuyenda kwa ang'anga, mapepala a cipukuta-misozi ali gone osalembedwa, zala zotsala ziri kuuma cifukwa wodwala sanabwerere ku cipatala kukaphunzitsidwa kuzigwedeza, ndipo makina aja ali kuyendabe opanda cochinga, mwana wa mudzi wina ataima pamalo pomwe paja. Marola amameza dzanja la Mcewa, la Mbemba ndi la mzungu mofanana, ndipo amalume amene sanafikepo ku Kafue sanamasule sikuluu ndi imodzi yomwe.

Wobwerayo afunika kulandiridwa monga munthu amene moyo wake ukupitirira. Alipo a dzanja limodzi amene amaweta nkhuku ndi mbuzi, kuyendetsa kantemba, kusunga mabuku a kalabu ya alimi, ngakhale kulima ndi ng'ombe mothandizana ndi mwana. Penshoni ya mwezi ndi mwezi, ingacepe bwanji, imagula feteleza. Cimene cimamupha munthu wotere msanga ndi kumkhazika pa khonde tsiku lonse ndi kumchula dzina la cirema cake.

Pakamwa pomeza sipali m'tauni mokha. Cigayo ca pa mudzi sicipera ndi marola, koma ciri ndi lamba wocokera ku injini, ndipo pamene lambayo akwera pa gudumu ndi pakamwa pofanana ndi paja pa fakitale. Comweconso makina otongola cimanga, oswa nshawa, oyenga mafuta a mpendadzuwa, opuntha mpunga ndi timakina tofinyira nzimbe. Zambiri mwa izi zimagulidwa zakale, zopanda zochinga, ndipo zimaikidwa m'kanyumba kamdima, kodzala ndi fumbi la ufa, momwe amai obvala zitenje amapanikizana ndi malicero ao, ana ali kumbuyo. Wogayitsa amabwezera lamba wovuuka ndi ndodo kapena ndi dzanja injini ikali kulira, cifukwa kuiliza kaciwiri nkobvuta. Mwana wotumidwa kucigayo amaima kumene afuna, pakuti palibe amene anamuonetsa malo oopsa, ndipo mwana wosafika zaka 18 saloledwa ndi lamulo kugwira nchito yoopsa, ngakhale cigayoco cikhale ca atate ake. Nyakwawa ndi komiti ya pa mudzi angathe kuuza mwini cigayo kuti asagaye kufikira lamba ataphimbidwa, ndi kuti ogayitsa aziyembekezera kunja kwa mzere wolembedwa pansi. Cochinga ca lamba ndi kabokosi ka zitsulo zing'ono-zing'ono ndi waya wa sefa, ndipo woocherera wa pa Nyimba, pa Sinda kapena pa Lundazi angathe kukapanga tsiku limodzi atapatsidwa miyeso.